Kunenerera mtengo m'sitolo ya mitengo yomata: chitani motere

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi ili: "Kodi m'sitolo yeniyeni, muja mitengo amachita kumata pa katundu, munthu angathe kunenerera?" Amandifunsa achibale akafuna kugula filiji, anzanga akafuna matiresi, makolo akafuna laputopu ya mwana wa sukulu. Ndayankha pakamwa mokwanira, ndiye ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera.

Inde, mungathe. Koma sizichitika monga pamsika. Pamsika mumayankhula ndi mwini katundu, ndipo iye akavomera nkhani yatha. M'sitolo yaikulu, amene waima patsogolo panu ndi wantchito. Ali ndi abwana ake, ali ndi kompyuta imene imalemba ndalama iliyonse yochotsedwa, ndipo tsiku lina adzafunsidwa kuti anakuchotserani chifukwa chiyani. Choncho ntchito yanu yaikulu ndi kumupatsa chifukwa chimene iye angakanene kwa abwana ake popanda mantha. Mukagwira mfundo imeneyi, zonse zili m'munsimu zimveka.

Manyazi a anthu ambiri amachokera pa kapepala ka mtengo, chifukwa timakaona ngati lamulo. Kapepalako sikakale kwenikweni. Kwa zaka mazanamazana kugula nthawi zambiri kunali kukambirana. Akhristu a mpingo wa Quaker ku England ndi ena mwa oyamba kukana zotchula mitengo iwiri pa chinthu chimodzi, ponena kuti kutero n'kusaona mtima. Kenako Aristide Boucicaut wa sitolo ya Le Bon Marché ku Paris m'ma 1850, ndi John Wanamaker ku Philadelphia m'ma 1870, anafalitsa mitengo yolembedwa pamene sitolo zinkakula n'kumalemba antchito ochuluka, oti mwini sakanatha kuwasiyira aliyense kuti azikambirana yekha ndi kasitomala. Mtengo womata ndi umene sitolo ikufuna. Pa katundu wina, ili yokonzeka kulandira wocheperapo.

1. Sankhani katundu amene ali ndi mpata

Pa shelefu ya sopo, mababu ndi mankhwala otsukira mano musataye nthawi. Katundu wotere amayenda tsiku ndi tsiku, phindu pa chimodzi ndi lochepa, ndipo wa pa tilu alibe chilolezo chochotsera. Mpata uli pa katundu wodula amene amakhalitsa: mipando, matiresi, mafiliji, makina ochapira, mbaula zamagetsi, makapeti, mphete, matayala, ndi zipangizo zomangira nyumba mukamagula zambiri. Sofa imadya malo aakulu, ndipo malo amenewo sitolo ikulipira lendi mwezi ndi mwezi. Ikakhala miyezi ingapo osagulidwa, mpamba wa sitolo wagona mmenemo, ndipo manijala amayamba kufuna kuti ichoke.

Mafoni ndi makompyuta ongotuluka kumene ndi ouma. Phindu la sitolo pa katundu ameneyu limakhala lochepa, ndipo makampani ena, monga Apple, amagwira mitengo yawo mwamphamvu. Apa mpata uli pa zinthu zoperekeza, monga zikwama, machaja ndi zingwe. Tifikako.

Kuti musapemphe zosatheka, onani masamu a sitolo. Tiyerekeze kuti sitolo inapikula chinthu pa 70, ndiko kuti inagula kwa ogulitsa zambiri pa mtengo umenewo, ndipo yamata 100. Zotsala ndi 30, ndipo mu 30 imeneyo mukuchoka lendi, malipiro a antchito, magetsi ndi thiransipoti. Inu mukapempha kuti akuchotsereni 10, m'maso mwanu mwapempha pang'ono, koma kwa iwo mwatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a zotsala zawo. N'chifukwa chake munthu wolowa m'sitolo n'kutchula theka la mtengo, monga amachitira pamsika, sayankhidwa n'komwe. Wogulitsa amangoona kuti uyu sanabwere kudzagula.

2. Konzekerani muli kunyumba

Lembani dzina la chinthucho ndi nambala yake ya modelo, ija imakhala pa katoni kapena kumbuyo kwa chipangizo. Musangoti "TV ya mainchesi 55 ya kampani yakutiyakuti". Ma TV ndi matiresi amatha kufanana maonekedwe koma manambala ali osiyana, ndipo opanga ena amapereka nambala yosiyana ku sitolo iliyonse, moti kuyerekeza mitengo kumavuta. Mukanena kuti kwina mwaona chotchipa koma nambala yasiyana ndi chilembo chimodzi, wogulitsa adzakuuzani kuti si chimodzimodzi, ndipo mudzasowa poyankha.

Yang'anani mitengo m'sitolo ziwiri kapena zitatu, kaya ndi miyendo kaya pa intaneti, ndipo jambulani ndi foni kuti tsiku, nambala ndi mtengo zioneke. Funsani ngati mtengowo ukuphatikiza msonkho ndi kukubweretserani kunyumba. Sitolo zambiri zazikulu zili ndi lamulo lofananiza mtengo wawo ndi wa opikisana nawo, koma zimafuna umboni, ndiponso kuti katunduyo akhale alipodi kumene mwamuonako.

Musanyengeke ndi chikwangwani chakuti "anali 150, tsopano 100". Mtengo "wakale" uja nthawi zina unakwezedwa masiku ochepa selo isanayambe. Mchitidwewu unafala mpaka mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, lakuti sitolo ikalengeza kutsitsa mtengo izionetsa mtengo wotsikitsitsa wa masiku 30 apitawo. Inu muziyerekeza ndi mitengo ya kwina, osati ndi nambala yodulidwa mzere.

Mukatero lembani manambala awiri pa pepala. Yoyamba ndi mtengo umene mudzatchule. Yachiwiri ndi malire anu, mtengo umene simudzapitirira ngakhale atakukometserani nkhani chotani. Nambala yachiwiriyi ndi yanu nokha. Musaiuze wogulitsa, ndipo musaisinthe muli m'sitolo, chifukwa mmenemo mtima umathamanga kuposa mutu.

3. Pitani nthawi yabwino

Pitani pakati pa sabata, m'mawa kapena masana anthu atachepa. Loweruka sitolo itadzaza, wogulitsa ali ndi makasitomala asanu ofuna kulipira mtengo wonse, ndiye sangataye mphindi makumi awiri ndi inu. Masiku a selo yaikulu, monga Black Friday kumapeto kwa November, mitengo ina imatsikadi koma mpata wokambirana palibe.

Kumapeto kwa mwezi n'kwabwino, chifukwa ogulitsa ambiri ndi mamanijala awo amapatsidwa mlingo wa malonda woti akwanitse, ndipo masiku omaliza chinthu chimodzi chachikulu chimatha kuwakwanitsira mlingowo. Nthawi inanso ndi pamene katundu watsopano akubwera kudzalowa m'malo mwa wakale. Ma TV atsopano ambiri amaonetsedwa koyamba mu January ku chionetsero cha zipangizo zamagetsi chotchedwa CES ku Las Vegas, ku America, n'kufika m'masitolo miyezi yotsatira, ndipo iPhone yatsopano nthawi zambiri imalengezedwa mu September. Wa chaka chatha amagwirabe ntchito bwinobwino, koma sitolo ikufuna shelefu. Zovala, mafani ndi mabulangete zimafewa mtengo nyengo yake ikamatha.

4. Pezani munthu amene ali ndi mphamvu yochotsera

M'sitolo yaing'ono mwini amakhala pomwepo kapena amapezeka pa foni. M'sitolo yaikulu mphamvu zimagawidwa: wa pa tilu alibe, wogulitsa wa m'chigawo angakhale ndi pang'ono, manijala ali ndi zambiri. Cholakwika chofala ndi kukangana ndi wa pa tilu, mzere uli kumbuyo, pa nkhani imene iye sangaisinthe ngakhale atafuna. Mumangomuvutitsa munthu amene waima tsiku lonse.

Cholakwika china ndi kulowa n'kunena kuti "ndiitanireni manijala" musanapereke n'komwe moni. Wogulitsa amene mwamudumphayo ndiye akanakhala mkhalapakati wanu. Yambani ndi iye. Mupatseni moni, mufunseni dzina, mulekeni akufotokozereni za katunduyo, ngakhale mukuzidziwa kale. Ambiri amalandira komishoni pa zimene agulitsa, choncho amafuna kuti malondawo atheke. Kenako mufunseni motsitsa mawu: "Achimwene, pa mtengowu pali chimene inuyo mungachite, kapena ndi abwana okha?" Funsoli silimuchititsa manyazi, ndipo limamupatsa njira yokaitanira abwanawo iye mwini.

Kambiranani pambali, pamene makasitomala ena sakumva. Manijala angakuchotsereni inu nokha, koma sangatero pamaso pa anthu anayi amene onse adzafuna zomwezo.

5. Bweretsani chifukwa

"Ndichotsereniko" payekha ndi pempho chabe. "Ndilibe ndalama zokwanira" ndi zoona mwina, koma wogulitsa sangalembe zimenezo m'kompyuta. Zifukwa zimene zimalembeka ndi izi.

Katundu wa pachionetsero, uja wakhala pansi anthu akumugwiragwira, ndiye chifukwa champhamvu kuposa zonse. Funsani ngati angagulitse ameneyo, makamaka akakhala womaliza. Chilema chaching'ono chimathandizanso: kukalika pambali pa filiji imene mudzaiika pakona, katoni yong'ambika, batani losowa pa jekete. Lozani chilemacho modekha. Katundu amene wina anagula n'kubweza, katoni itatsegulidwa, sitolo singamugulitsenso ngati watsopano. Mtengo wa kwina umene mwajambula uja ndi chifukwa. Kugula zinthu zingapo pamodzi, bedi ndi matiresi, kapena matayala onse anayi, ndi chifukwa. Kunyamula nokha lero lomwe, m'sitolo imene imabweretsera anthu katundu mwaulere, ndi chifukwa, poti mwawapulumutsira galimoto ndi mafuta.

Za kulipira ndalama pamanja, dziwani malire ake. Sitolo imadulidwa kangachepe ndi banki pa malipiro a pa khadi, nthawi zambiri pakati pa 1 ndi 3 peresenti, ndiye mwini sitolo yaing'ono angakondwere ndi kashi. Sitolo yaikulu sizimaikhudza kwenikweni. Ndipo wina akakuuzani kuti akuchotserani zambiri bola musatenge lisiti, kanani. Kumeneko n'kuzemba msonkho kapena kubera sitolo, ndipo chinthucho chikadzawonongeka mudzasowa pogwira.

Musanyoze katundu amene mukufuna kugula, ndipo musaname za mtengo wa kwina. Ogulitsa amadziwa mitengo ya anzawo kuposa inu, ndipo amatha kuiona pa foni muli pomwepo. Akakugwirani bodza limodzi, zonse zimene munganene pambuyo pake sizimvekanso.

6. Tchulani nambala, kenako khalani chete

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mawu akuti "pemphani kuti akutsitsireni". Kupempha sikuvuta. Chovuta ndi kamphindi kotsatira.

Choyamba, tchulani nambala yeniyeni. Mukafunsa kuti "mtengo womaliza ndi uti?", mwapereka chiwongolero kwa wogulitsa. Iye adzachotsa kangachepe, ndipo kukambirana konse kudzazungulira pa nambala yakeyo. Nambala imene yamveka poyamba imakoka maganizo a anthu onse awiri. Mu 1974, akatswiri a kaganizidwe ka anthu Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anafalitsa kafukufuku amene anaonetsa zimenezi. Ankazungulitsa gudumu la manambala pamaso pa anthu, kenako n'kuwafunsa kuti mwa mayiko a mu United Nations, a mu Africa ndi maperesenti angati. Amene gudumu linawaimira pa 10 ankayankha cha m'ma 25, ndipo amene linawaimira pa 65 ankayankha cha m'ma 45, chonsecho gudumulo linalibe chochita ndi funsolo. M'sitolo, kapepala ka mtengo kagwira kale ntchito ya gudumu lija. Mukatchula nambala yanu, ndi chifukwa chake, mwaika chikhomo chachiwiri, ndipo mgwirizano udzapezeka pakati pa ziwirizo.

Nambalayo ikhale pansi pa malire anu, kuti mukhale ndi pokwerera, koma isakhale yonyoza. Pa katundu watsopano wopanda vuto, ine ndimalangiza kuyambira 10 mpaka 15 peresenti pansi pa mtengo womata. Pa wa pachionetsero kapena wachilema mungayambire 20 kapena 30.

Chachiwiri, lumikizani nambalayo ndi lonjezo logula. Tiyerekeze kuti mtengo womata ndi 100. Mawu ake akhale ngati awa: "Achemwali, filijiyi ndaikonda ndipo ndabwera kudzagula lero. Koma ndi ya pachionetsero, ndipo apa yakalika. Mukandipatsa pa 85, ndilipira pompano." M'mawu amenewa muli zonse zimene wogulitsa akufunika kuti apite nazo kwa abwana: kasitomala ndi wotsimikiza, chifukwa chilipo, nambala ilipo. Koma musanene kuti mulipira pompano ngati simuli okonzeka. Akavomera inu n'kuyamba "ndikaganize kaye", mwamuika m'mavuto munthu amene wakuyankhulirani, ndipo ulendo wina sadzakuthandizani.

Chachitatu, tsekani pakamwa. Wogulitsa adzakhala chete, mwina adzayang'ana kompyuta, mwina adzapukusa mutu kapena kuseka pang'ono. Masekondi khumi amenewo amatalika kwambiri. Mtima umakuuzani kuti mwamukhumudwitsa, kuti akukuonani ngati wosauka kapena woumira, ndipo pakamwa pamafuna kukonza zinthu. Ndiye munthu amayamba yekha: "Kapena 90 ndi bwinonso... ngati n'zovuta basi musadandaule." Taonani chimene chachitika. Wogulitsa sananene kanthu, koma inu mwadzikwezera mtengo nokha, kenako mwamuuza kuti angathe kukana. Nthawi zambiri kukhala chete kwakeko sikukwiya. Akuwerengera m'mutu mwake, kapena akuganiza mmene akafotokozere kwa manijala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yang'anani katunduyo, werengani chamumtima mpaka makumi awiri, nkhope ikhale yomasuka. Musapepese, chifukwa simunalakwe. Mwafunsa funso la malonda m'nyumba ya malonda.

Ngati mukudziwa kuti ndinu amanyazi, yesererani mawuwo kunyumba mokweza, kangapo, mpaka atuluke osanjenjemera. Mungapitenso ndi mnzanu, koma mugwirizane kuti woyankhula ndi mmodzi. Mnzanu akangoti "tingotenga basi, ndi yokongola", nkhani yatha.

Tsopano mayankho. "Sizingatheke" ali ndi mitundu, ndipo muyenera kumva kuti mwapatsidwa uti.

Akati "mitengo yathu ndi yokhazikika" msangamsanga, asanayang'ane n'komwe kalikonse, limenelo ndi yankho la chizolowezi limene amapatsa aliyense. Musatsutse. Nenani kuti, "Ndamva. Nanga poti ndi ya pachionetsero, abwana sangaione mwapadera?" Mwabwereza chifukwa chanu ndipo mwatsegula khomo lachiwiri.

Akati "ineyo ndilibe mphamvu imeneyo", akunena zoona, ndipo wakuuzani kuti wina ali nayo. Mupempheni mwaulemu kuti akafunse, ndipo dikirani. Ngati manijala palibe, funsani nthawi imene amapezeka.

Akati "85 ayi, koma 95", kondwani chamumtima, chifukwa mtengo wayamba kuyenda. Musavomere nthawi yomweyo, ndipo musathamangire kunena kuti "tigawane pakati". Kwerani pang'ono, mwina kufika 88, ndipo kukwera kulikonse kuzikhala kochepa kuposa kwapita, kuti aone kuti mukuyandikira malire. Mukalumpha kuchoka 85 kufika 92, mwamuuza kuti m'thumba mudakali zambiri. Ndipo musakwere kawiri motsatizana iye asanatsike. Mukapereka kanthu, pemphaninso kanthu: "Ndifika 90 ngati mundibweretsera kunyumba."

Akakufunsani kuti "bajeti yanu ndi zingati?", musatchule malire anu aja. Bwerezani nambala imene mwatchula kale. Ena amafunsa funsoli kuti akusamutsireni ku chinthu china chotchipa chimene simunabwerere. Ngati mukufuna chimene mwasankha, khalani pomwepo.

Manijala mwiniwake akayang'ana m'kompyuta n'kukuuzani kuti pansi pa apa sangafike, nthawi zambiri ndi zoona. Makompyuta a sitolo zambiri amakana mtengo wopitirira malire amene likulu linaika. Kukakamira apa n'kungowononga ubale. Pitani ku sitepe yotsatira.

7. Mtengo ukakana, pemphani banyira

Banyira ndi kanthu kowonjezera kamene wogulitsa amakuikirani pamwamba pa zimene mwagula. M'sitolo yaikulu banyira amapezeka mosavuta kuposa kuchotsera ndalama, ndipo chifukwa chake ndi masamu omwe aja. Chikwama cha laputopu chimene amata 20 mwina anapikula pa 8. Akakupatsani chikwamacho, inu mwapindula 20 koma iwo ataya 8 yokha, ndipo mtengo wa laputopuyo m'mabuku awo sunasinthe.

Pemphani zimene mukanagula ndithu: mapilo pa matiresi, chingwe ndi choikira pakhoma pa TV, kumanga ndi kulinganiza matayala, kubweretsa katundu kunyumba, kulumikiza makina ochapira, kuchotsa chakale. Banyira amene simukumufuna si phindu, ngakhale atamata mtengo waukulu chotani.

Chenjerani ndi walanti yowonjezera, ija amagulitsa padera kuti chinthu chikawonongeka patapita zaka adzakonze. Sitolo zimapeza phindu lalikulu pa imeneyi, n'chifukwa chake amaikakamiza pa mapeto. Musanailipire, funsani kuti walanti ya opanga ndi yaitali bwanji, ndiponso malamulo oteteza ogula a m'dziko lanu akukupatsani chiyani kale. M'mayiko a European Union, mwachitsanzo, lamulo limapereka zaka ziwiri pa katundu watsopano popanda kulipira kanthu. Ngati mukuifunabe yowonjezerayo, nayonso imanenereredwa.

8. Khalani okonzeka kuchoka, ndipo chokani bwino

Mphamvu zanu zonse zili pa mfundo yakuti mungathe kutuluka osagula. N'chifukwa chake munthu amene filiji yamufera dzulo, zakudya zikuwonongeka, sanenerera bwino. Ngati mukuona kuti chipangizo chanu chatopa, yambani kufufuza chisanafe.

Mtengo ukakhala pamwamba pa malire anu, thokozani ndipo nenani zoona: "Zikomo kwambiri pondithandiza, koma pamenepo sindifika. Ngati zingasinthe, nambala yanga ndi iyi." Siyani nambala ya foni, tengani dzina la wogulitsayo. Nthawi zina amakuitanani musanafike pakhomo, nthawi zina amaimba kumapeto kwa mwezi, ndipo nthawi zina saimba konse. Zonsezi muzivomereze musanatembenuke. Kuchoka kongoyerekeza, kuja munthu amayenda pang'onopang'ono akucheuka, ogulitsa anakuona kambirimbiri. Ndipo mukachoka mwaukali, mawa mudzachita manyazi kubwerera ngakhale mutapeza kuti mtengo wawo ndiwo unali wabwino. Mukachoka mwaulemu, kubwerera sikuvuta: mumangofunsa munthu yemwe uja ngati mtengo munagwirizana dzulo udakalipo.

Pali malo amene ndimapempha kuti muchepetse dzanja. Mwini kasitolo kakang'ono, kapena mmisiri wogulitsa zimene wapanga ndi manja ake, alibe likulu lomuthandiza akaluza. Nenererani ndithu, koma mukaona kuti wafika pa mtengo wachilungamo, lekani. Kumufinya mpaka agulitse moluza chifukwa lendi yamupanikiza kumamupweteka kwambiri, pamene inu mwapulumutsa zochepa.

9. Malizani bwino pa tilu

Mukagwirizana, bwerezani zonse mokweza musanatulutse ndalama: mtengo, msonkho uli momwemo kapena ayi, banyira, tsiku lobweretsa katundu. Zonse zilembedwe pa lisiti kapena pa invoisi. Lonjezo la pakamwa limatha wogulitsayo akapita kutchuthi kapena akasiya ntchito. Onetsetsani kuti nambala ya modelo pa lisiti ikufanana ndi ya pa katoni.

Pa katundu wa pachionetsero kapena wachilema, funsani mafunso awiri. Kodi walanti ikuyamba lero ndipo ndi yathunthu? Kodi ndingabweze chikakhala ndi vuto lina losakhala limene ndaliona? Sitolo zina zimalemba kuti katundu wotsitsidwa mtengo sabwezedwa, ndipo kuchotsera kwa 15 peresenti sikukwanira kulipira chiopsezo cha makina opanda walanti. Chilema chimene mwagwirizana chilembedwe, kuti tsiku lina asadzanene kuti munachita ndinu. Yesani chipangizocho pa magetsi muli pomwepo, ndipo werengani zonse zoyenera kukhala m'katoni: rimoti, zingwe, mashelefu, kabuku ka malangizo.

Ngati mukugula pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, gwirizanani kaye mtengo wa kashi musanatchule za ngongoleyo. Wogulitsa akayamba ndi funso lakuti "mungakwanitse zingati pamwezi?", maso anu amachoka pa mtengo wonse. Chulukitsani ndalama ya pamwezi ndi miyezi yonse, wonjezerani ya poyamba, ya inshulansi ndi ya mapepala, ndipo yerekezani ndi mtengo wa kashi uja. Chiwongoladzanja chimatha kumeza zonse zimene mwanenerera n'kupitirira.

Musanachoke funsaninso ngati sitoloyo imabweza ndalama yosiyana mtengo ukatsika patangopita masiku ochepa mutagula. Zina zimatero, koma kwa okhawo amene abwera ndi lisiti m'masiku oikika. Jambulani lisitilo ndi foni tsiku lomwelo, chifukwa mapepala a pa tilu amafufutika pakapita miyezi, walanti isanathe.